Mwana amene sankalira

Zomba

Mnzanga wokondedwa,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana ku Manchester kozizirako. Kuno tili bwino, mvula yagwa mokwanira ndipo chimanga chafika m'mawondo.

Uthenga wako wa pa WhatsApp ndaumvetsera katatu, ndipo ndaona kuti wofunika kuukhalira pansi. Wati a khonsolo akuvomerezani kulera ana a eni mongoyembekezera, ndipo woyamba ndi khanda la miyezi 10. Watinso amayi ena kutchalitchi akukulangiza kuti usamukonde kwambiri poti adzapita, ungadzasweke mtima. Malangizo amenewo nanenso ndinapatsidwa. Chonde mnzanga, usawamvere.

Ukukumbukira kamnyamata kaja ndinakutumizira chithunzi chake kali kumbuyo kwanga? Sindinakuuze zonse. Anabwera kwathu ali ndi chaka ndi miyezi iwiri. Mayi ake anamwalira iye ali ndi miyezi 8, bambo ake anapita ku Joni osamvekanso, agogo ake akudwala. Anakhala miyezi 6 kunyumba ina yosungirako makanda, mpaka a ofesi ya zachisamaliro cha anthu anandipempha kuti ndimusunge pomwe akufunafuna wachibale. Lamulo lathu la 2010 loona za chisamaliro ndi chitetezo cha ana limalola zimenezi, ngakhale ambiri kuno timangodziwa zolera ana a abale.

Anafika waukhondo, thupi labwino, kabuku kakusikelo kakusonyeza kuti katemera yense analandira. Aliyense wobwera pakhomo ankati, “Koma mwana wofatsa uyu! Muli ndi mwayi.” Ukamukhazika pamphasa, umupeza pomwepo. Usiku ndikadzuka kukamuona, ndinkapeza maso ali tong'o mumdima, zala ziwiri zili mkamwa, ali chete. Aliyense akatambasula manja ankapita, ngakhale bambo wogulitsa makala amene anali asanamuonepo. Tsiku lina anagwa pakhonde n'kugunda chipumi pa simenti mpaka kutupa. Ndinathamanga mtima uli m'mwamba. Sanalire, sanandiyang'ane n'komwe. Anangokhala tsonga n'kuyamba kudzigwedeza, kutsogolo, kumbuyo, kutsogolo, kumbuyo. Pamenepo m'pamene ndinazindikira kuti kufatsa kuja kunali kutaya mtima. Khanda limalira chifukwa likuyembekeza kuti wina abwera. Iyeyu analira kwa miyezi, naona kuti palibe wobwera pa nthawi yake, ndiye analeka. Amayi a kunyumba kuja sindikuwada ayi. Anthu awiri kusamala chipinda chodzaza makanda, kusinthana usana ndi usiku, angamusambitse mwana ndi kumudyetsa, koma sangakhale amayi ake.

Zimenezi zinaonekera poyera ku Romania. Ulamuliro wa Ceaușescu utagwa mu 1989, dziko linaona ana zikwizikwi ali m'nyumba za boma, atagona m'timabedi ta zitsulo, ambiri ali chete akudzigwedeza ngati mnyamata wangayu. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, akatswiri atatu a ku America, Charles Nelson, Nathan Fox ndi Charles Zeanah, anatsata ana 136 a m'nyumba zotere ku Bucharest. Theka la anawo linaperekedwa ku mabanja kuti likaleredwe, ena anatsala. Amene analowa m'mabanja anachita bwino pa nzeru, pa kalankhulidwe ndi pa kukhulupirira munthu wowalera, makamaka amene anatengedwa asanakwanitse zaka ziwiri. Khanda likubwera kwa iwelo lili mkati mwa nthawi imeneyo. Ukamamusamala uli patali ndi mtima, umupatsa zomwe akanapeza ngakhale kunyumba yosungirako ana, n'kumumana chimene akubweretsera kwa iwe.

Chimene ndinachita ine si chachilendo. Ndinatenga mbereko. Ndinapempha tchuthi kuntchito, nditabwerera ndinapempha kuti andichotse kaye pa ntchito ya usiku. Pophika ali kumbuyo, posesa ali kumbuyo, kutchalitchi ali kumbuyo. Bambo a kunyumba kuno ndi atsikana ankasewera naye, koma kumusambitsa, kumudyetsa phala ndi kumugoneka zinali zanga ndekha, nthawi yomweyomweyo tsiku lililonse, ndi kanyimbo kamodzi komweko. Alendo ndinawaletsa kumunyamula, ena mpaka anakhumudwa. Akangotulutsa kamawu, ngakhale kakang'ono bwanji, ndinkayankha, “Ndili pano, bambo.” Apongozi anga anati ndikumuzoloweretsa manja, adzavuta. Ndinawakumbutsa mwaulemu kuti ana awo onse asanu ndi awiri anakulira kumbuyo kwawo. Ukudziwa kuti Mary Ainsworth, amene dzina lake limatchulidwa kwambiri pa nkhani za ubale wa mwana ndi womulera, anayambira kafukufuku wake m'midzi ya kufupi ndi Kampala ku Uganda mu 1954? Anakhala m'makomo akuyang'ana amayi ndi makanda awo, naona kuti mwana amene mayi ake amamumva msanga ndiye amalimba mtima kukwawa kupita patali, poti akudziwa kobwerera. Nzeru imene akuphunzitsani kumaphunziro a khonsoloko mbali ina inatengedwa kwa amayi a mbereko ngati amayi athu.

Sabata yachisanu ndi chiwiri ndinanyamula basiketi kupita kumsika kwa Chinamwali, ndikumusiya ndi mwana wanga wamkulu. Ndisanafike pa geti ndinamva kulira kumene ndinali ndisanakumvepo. Anakwawa mpaka pakhomo, nkhope yonse misozi ndi mamina, manja ali m'mwamba kulozera kwa ine. Ndinaponya basiketi pansi n'kumunyamula, ndipo tonse awiri tinalira. Kumsika sindinapitenso tsikulo, tinadyera masamba a m'dimba.

Ndikuchenjezeretu kuti kuchokera pamenepo zinthu zinalimba. Mwana wofatsa uja anasanduka wolira usiku katatu kanayi, woluma, wotaya mbale ya phala, wosalola ngakhale ndilowe kubafa ndekha. Anthu omwe ankamuyamikira aja anayamba kunena kuti ndamuwononga. Ndinatopa kwambiri, sindikubisire, masiku ena ndinkagona pampando iye ali pachifuwa. Koma ndinkadziwa kuti chisoni chimene anachisunga miyezi yonse ija chapeza potulukira. Kwanuko mwana azikaonana ndi makolo ake pa masiku oikika. Akabwerako wosokonezeka, wokana mkaka kapena wosagona, usafulumire kuganiza kuti makolowo amuchita choipa. Wathuyu ankachita chimodzimodzi tikachokera kwa agogo ake, amene ankamukonda ndi mtima wonse. Fungo ndi mawu a kwawo zimadzutsa zinthu zimene khanda silingathe kuzinena. Uzilemba zimene waona kuti ukauze woyang'anira nkhani yake, kenako umunyamule. Ndipo usanene choipa cha mayi ake iye ali pomwepo, ngakhale ukuganiza kuti sakumva.

Patatha miyezi 8 anapezeka mayi ake aang'ono a ku Balaka, okonzeka kumutenga. Chimodzi chokha ndinalimbikira: asachoke tsiku limodzi ngati katundu. Mayiwo anabwera kudzakhala nafe sabata ziwiri. Masiku oyamba ankangokhala pafupi ine ndikumudyetsa. Kenako anatenga supuni ine ndili pambali, kenako anamusambitsa, pomaliza anamubereka ndi chitenje changa chomwe chija. Kanyimbo kaja anaphunzira. Ndinawaperekeza ku Balaka n'kugona komweko masiku awiri. Pochoka achibale anati ndimuzembe ali mtulo, monga timachitira kuno kuti mwana asalire. Ndinakana. Mayi ake anamuchokera osatsazika, sindinafune kuti zimuchitikirenso. Ndinamudzutsa, ndinamuuza kuti ndikupita ndipo ndidzabweranso kudzamuona, iye analira ali m'manja mwa mayi ake aang'ono, iwo akumutonthoza. Ndinawasiyira chitenje chija chosachapa ndi kope momwe ndinalemba tsiku limene anayamba kuyenda, mawu ake oyamba, zakudya zimene amakonda ndi zithunzi zake. Uyambe kope lotere tsiku lomwe mwana afike, poti akadzakula adzafunsa za miyezi imeneyi ndipo wodziwa udzakhala iwe wekha.

Amayi a kutchalitchi aja sakunama pa chinthu chimodzi: zimapweteka. Sabata yathunthu ndinkapezeka ndaphika phala m'mawa popanda woti adye. Ndinapita kukamuona patatha mwezi. Anandithamangira, anakhala pamiyendo panga kanthawi, koma atapunthwa pabwalo anathamangira kwa mayi ake aang'ono akulira mokweza. Ndinabwerera ku Zomba mtima uli m'malo.

Mwana wa mlongo wanga akubwera kumeneko mwezi wamawa, ndimupatsira zitenje ziwiri zofewa ndazichapa kale. Ufunse kaye woyang'anira nkhani ya mwanayo ngati amalola kubereka kumbuyo, poti kwanuko malamulo ndi ambiri. Akakana, umufunditse chomwecho pomunyamula. Undiuze tsiku limene afike, ndipo usiku ukavuta imba foni, usaone nthawi.

Moni kwa alamu ndi ana.

Ndine mnzako wa nthawi zonse.