Kwa mwana wanga ku England

Mwana wanga,

Tonse kuno tili bwino, ndipo bambo ako akupereka moni. Ndasankha kulemba chifukwa pa foni umandidula mawu ndisanamalize.

Nkhani ndi ija ya Band 5, giredi yoyambira ya anamwino imene anakuika kumeneko. Ukuti zikukuwawa kuti iwe amene unkaima kutsogolo kwa kalasi, kukonza mayeso ndi kuchonga mapepala a ophunzira unamwino, lero ukutumidwa ndi mtsikana amene ukanamuphunzitsa kubaya jakisoni. Kuwawako sindikukana. Koma taganiza bwino zimene a NMC, bungwe lolembetsa anamwino kumeneko, anakuyesa. Anakuyesa Chingerezi, anakuyesa mayeso a CBT pa kompyuta, kenako OSCE, mayeso ochita ndi manja aja a magawo 10, momwe ankakuyang'anitsitsa ngakhale kasambidwe ka m'manja. Chimene anakupatsa ndi PIN, chilolezo chogwira odwala basi. Za uphunzitsi wako sakudziwa, ndipo sadzadziwa ukamangogwira ntchito uli duu, mtima uli tupu.

Khomo lilipo. Malamulo a NMC omwe anatuluka mu 2018 amalola namwino aliyense amene ali m'kaundula kuyang'anira ophunzira pa wodi monga practice supervisor. Pita kwa mkulu wa wodi, umuuze mosapita m'mbali kuti unali mphunzitsi ndipo ukufuna ophunzira azikhala nawe pa shifiti. Ufunsenso za maphunziro a practice assessor, amene amayesa ophunzira pa wodi. Ntchito za practice educator, mphunzitsi wa anamwino m'chipatala, nthawi zambiri zimakhala za Band 6 kapena 7, ndipo amene amazipeza ndi amene anthu anamuona kale akuphunzitsa pambali pa bedi. Ine pa zaka zanga zonse za unamwino sindinaonepo munthu akukwezedwa chifukwa chokwinya nkhope.

Tsono za mnyamata wophunzira uja amene anakuitana dzina lako loyamba, nakufunsa pamaso pa anzake kuti umboni wa zimene ukunenazo uli kuti. Wati magazi anawira. Inenso ndikanapsa mtima, ndisakunamize. Koma sichinali chipongwe. Ku yunivesite kwawoko amawauza kuti asamangovomera chilichonse, ndipo kumeneko ngakhale madokotala ambiri amaitanidwa maina awo. Akadzakufunsanso, usamuyankhe ndi ukulu wako. Tsegulani naye malangizo a zachipatala a NICE kapena buku la mankhwala la BNF, muwerenge limodzi, ndipo ngati iye ndiye walondola, unene choncho anzake akumva. Mawa lake adzabwera ndi anzake awiri.

Akuluakulu amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, komatu sameta eni mudzi tsiku lofika. Uli ndi luso limene ambiri a iwo alibe: kuona wodwala ndi maso, kugwira dzanja lake n'kudziwa kuti zinthu zayamba kusintha makina asanalire. Usalitaye, koma uyambe waphunzira zawo. Gogo akakana mapiritsi, nzeru zake zili bwinobwino, lamulo lawo la Mental Capacity Act la 2005 limamupatsa ufulu wokana ngakhale iwe ukuona kuti akudzipweteka. Usamukalipire, usamubisire m'chakudya. Khala pansi, umufotokozere, ulembe m'fayilo, udziwitse dokotala. Ndipo zolembazo uzizitenga ngati gawo la chithandizo, chifukwa kumeneko chimene sunalembe amachiyesa chosachitika.

Ugule fayilo yakoyako. Zaka 3 zilizonse a NMC adzafuna uonetse maola 450 a ntchito, maola 35 a maphunziro owonjezera, ndemanga 5 za anthu ena ndi zolemba 5 zolingalira ntchito yako. Wophunzira akakulembera kakhadi kothokoza, kaike momwemo. Fayilo yomweyo ndi imene udzatsegule pokonzekera intavyu.

Za thupi lako ndinena mwachidule, poti ndiwe namwino. Mu Disembala dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane, ndiye ukamagwira usiku ungathe sabata osaliona. A NHS, a zaumoyo a boma kumeneko, amalangiza vitamin D, ma microgram 10 patsiku, ndipo kwa ife a khungu lakuda amati chaka chonse. Kulira kopanda chifukwa kumene unandiuza kuja usakunyozere. Ulembetse kwa GP, dokotala wa m'dera lako, ndipo zikapitirira ukamuuze.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi mashifiti owonjezera. Mlongo wako wandiuza kuti masiku opuma ukumatenganso ntchito kuti utumize zambiri kuno. Leka. Sitinakutumize kuti ukafe ndi ntchito, ndipo namwino wotopa ndi amene amalakwitsa mlingo wa mankhwala. PIN ikapita, ntchito ndi chitupa chokhalira m'dzikomo zili pachiswe. Tumiza zimene tinagwirizana, ndipo amene akufuna zoposa pamenepo umuuze aimbire ine.

Lamlungu ndidzaimba 6 koloko madzulo nthawi yathu, kwanuko idzakhala 4. Ndidzafuna kumva zimene mkulu wa wodi wayankha.

Ine mayi ako.