Kwa aphunzitsi ndi makasitomala athu onse kuno ku Nkhotakota

Mabwana ndi madona athu, moni nonse. Tati tikuuzeni msangamsanga za kusintha kwina kuti musadzadabwe mukafika pa shopu. Kuyambira Lolemba likubwerali tasiya kupanga fotokope buku lathunthu. Ma ID, masatifiketi, makalata ndi mayeso amene mwalemba nokha tizipangabe ngati kale, mtengo wa peji sitinaukhudze.

Chifukwa choyamba ndi lamulo la kopiraiti la 2016, buku lili ndi mwini wake ndipo a COSOMA amayang'anira zimenezi. Koma chimene chimatiwawa kwambiri ife ndi ichi, mphunzitsi amabwera ndi pamfuleti yoti yakhala ikupangidwa fotokope kuchokera ku fotokope inzake kwa zaka, zilembo zinafufutika, mapu angosanduka chibanga chakuda chokhachokha, ndiye alipire ndalama zake za m'thumba akaphunzitsire ana zimenezo, ayi zimatimvetsa chisoni.

Ndiye kompyuta ya pakona ija taipatula, ikhala ya aphunzitsi basi, bando ndi yathu. Muzisakapo mabuku m'malaibulale a pa intaneti amene ali aulere. Project Gutenberg inayamba mu 1971 ndipo ili ndi mabuku akale oposa 70,000 oti aliyense atha kutenga. Buku limene David Livingstone analemba ndi m'bale wake Charles la 1865 lilimo, koma lofupikitsidwa, ndipo amakambamo za kuno kwathu, Kota Kota, za Jumbe ndi akapolo amene ankawolotsedwa panyanja. Taganizani a History, mwana akuwerenga mawu a munthu amene anaona ndi maso ake mu 1863, malo ake ndi omwewa amadutsapo popita kumsika! Pa Internet Archive pali dikishonale ya Chimang'anja ya David Clement Scott ya 1892, a Chichewa mukaiona simudzafuna kunyamuka. Kwa a ma infanti kuli African Storybook, timabuku ta zithunzi, tina m'Chichewa, ndipo amalola kupulinta.

Bwerani ndi flashi kapena foni, kukopera ndi ulere, mulipira pokhapokha mukafuna tipulinte. Ngati kompyuta simunaizolowere musachite manyazi, mnyamata wathu akhala nanu pambali. Loweruka m'mawa ndiye nthawi yabwino, netiweki imakhala yopepukirako.

Chonde mahedi, auzeniko anzathu a kutali ngati ku Dwangwa ndi ku Benga asavutike kukwera minibasi ndi chibuku choti sitipanga.

Zikomo kwambiri,
Ife a pa shopu ya fotokope ndi kupulinta, pa boma