Owerengera okwera sitima ayambire pa msewu wa M3

Akonzi,

Nkhani yokonza sitima zonyamula anthu ikabuka, funso limakhala lakuti adzakwera angati. Kuno ku Mangochi njanji kulibe. Siteshoni yathu yapafupi ndi ya Liwonde, pa njanji ya Nkaya mpaka Nayuchi yomwe inatsegulidwa mu 1970. Komatu kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 1.1 miliyoni m'boma lino, ndiye owerengerawo asatidumphe, komanso asatikokomeze.

Matikiti a pa siteshoni amangoonetsa anthu amene akupirira sitima ya lero. Amene anaitaya ali m'maminibasi, choncho kafukufuku ayambire pa depoti ya Mangochi, pa mlatho wa Bakili Muluzi ndi pa mphambano ya Liwonde. Pa galimoto khumi zilizonse imitsani imodzi, mufunse wokwera aliyense kumene wachokera, kumene akukathera, chimene akuyendera, ndalama imene walipira ndi katundu amene wanyamula. Wina aziwerenga galimoto zonse zodutsa, matola ndi ma Sienta omwe, kuti mayankhowo adzachulukitsidwe moyenera. Owerenga akafika 8 koloko, apeza ogulitsa nsomba atadutsa kale m'bandakucha.

Sabata imodzi siikwana. Khirisimasi imadzaza Monkey Bay ndi Cape Maclear, Eid imabweza anthu kumudzi, a ku Joni nawo ali ndi miyezi yawo yobwerera. Mukawerenga mu Disembala n'kuchulukitsa ndi 12, mwadzinamiza. Werenganinso mu Febuluwale, ndalama zikasowa, ndi pambuyo pokolola.

Zikatero maulendo amagawidwa pakati pa madera: malo a anthu ndi malonda ambiri ngati Blantyre amakoka maulendo ochuluka, mtunda ndi mtengo n'kumawachepetsa. Gawo limeneli silivuta kwenikweni.

Pamene ambiri amagwa m'mbuna ndi poyerekeza amene adzasiye basi n'kukwera sitima. Amafananiza Liwonde mpaka Limbe basi, chonsecho ulendo umayambira pakhomo. Mayi wa ku Namwera wonyamula madengu awiri a usipa akwere kabaza, kenako minibasi yotsika phiri, ina ya ku Liwonde, atsitse madengu, alipire owanyamula, adikire sitima, akafika ku Limbe akwezenso. Ola lodikira limawawa kuposa ola lokhala m'galimoto yoyenda, n'chifukwa chake akatswiri amaliwerenga ngati awiri. Sitima ikamayenda masiku ochepa pa sabata, kudikirako kumasanduka kugona panjira, kutsika mtengo kwa tikiti n'kukhala kopanda phindu.

Funso lakuti "Kodi mungakwere sitima?" lisapezeke n'komwe pa fomu. Mmalawi sakana mlendo, aliyense adzati eya. Muonetseni maulendo awiri okhala ndi mtengo, maola ndi masiku onyamukira, asankhe umodzi, kenako musinthe manambalawo asankhenso.

Kukokomeza si vuto la kuno kokha. Kafukufuku wa katswiri wofufuza za ntchito zikuluzikulu, Bent Flyvbjerg, ndi anzake wa mu 2005 anapeza kuti pa ntchito za njanji khumi zilizonse, zisanu ndi zinayi zinalonjeza okwera ambiri kuposa amene anabweradi. Choncho a Unduna wa Zamtengatenga asamalandire nambala imodzi. Afune zitatu, yotsika, yapakati ndi yokwera, iliyonse itafotokoza mtengo wa mafuta ndi nthawi yodikira pa Liwonde imene yagwiritsidwa ntchito. Ngongole yogulira mabogi iyezedwe pa yotsikayo.

Okhudzidwa ndi zamtengatenga,
Mangochi Boma