Nkhokwe ya magazi siyenda popanda kaundula wa odwala

Akonzi,

Tiloleni tiyankhulepo pa nkhani ya nkhokwe zosungira magazi ndi mbiri ya thanzi la anthu, zomwe ofufuza zachipatala amadalira. Ambiri akamva nkhaniyi amaganiza za mafiriji akuluakulu ndi makina oyezera DNA. Zimenezo nzofunika, koma chopatsa nkhokwe mphamvu ndi kaundula wa zomwe zimachitikira eni magaziwo m'zaka zotsatira.

Onani nkhokwe ya UK Biobank ya ku Britain. Pakati pa 2006 ndi 2010 inalemba anthu pafupifupi 500,000 a zaka 40 mpaka 69 m'malo 22. Aliyense anayankha mafunso okhudza kadyedwe, fodya, mowa ndi ntchito yake, anamuyeza msinkhu, kulemera ndi BP, kenaka anapereka magazi ndi mkodzo. Magaziwo amawagawa m'timabotolo tating'onoting'ono tokhala ndi nambala, osati dzina, n'kuwasunga pa madigiri 80 pansi pa ziro, ena mu nitrogen wamadzi kumalo ena, kuti nyumba imodzi ikapsa zonse zisapite. Kugawako kuli ndi chifukwa: magazi akasungunuka n'kuumanso kangapo, mapuloteni ena amaonongeka ndipo zotsatira zimanama. Choncho wofufuza amatenga kabotolo kamodzi, ena onse osakhudzidwa.

Chachikulu n'chakuti anthuwa anavomera kuti nkhokweyi izilondola mbiri yawo m'makaundula a boma: ogonekedwa m'chipatala, opezeka ndi khansa, ndi omwalira. Munthu amene anapereka magazi ali bwinobwino mu 2008 akadwala sitiroko mu 2020, ofufuza amabwerera ku kabotolo kake n'kufananitsa ndi a anzake omwe sanadwale. Popanda kulumikiza kumeneku simungadziwe chomwe chinayamba, matenda kapena kusintha kwa m'magazi.

Nkhokweyi ilinso ndi chilema. Mwa anthu oposa 9 miliyoni omwe anaitanidwa, anabwera osakwana 6 pa 100 aliyense, ndipo obwerawo anali opeza bwino, osuta fodya pang'ono, athanzi kuposa anzawo. Oposa 90 pa 100 ndi azungu. N'chifukwa chake njira zolosera matenda a mtima kapena shuga potengera DNA ya anthuwa zimaphonya kwambiri zikayesedwa pa anthu a kuno ku Africa. Zathu tiyenera kuzifufuza tokha.

Poyambira tili napo. Ku Chilumba m'boma la Karonga kafukufuku wotsata anthu a m'midzi anayamba mu 1979 ndi matenda a khate, ndipo lero bungwe lofufuza zaumoyo la MEIRU likupitiriza, kulemba obadwa, omwalira ndi osamuka. Koma kwa Amalawi ambiri mbiri yonse ya thanzi ili m'kabuku ka kuchipatala kamene amayenda nako okha. Kakanyowa ndi mvula kapena kutayika, amagula kena n'kuyambiranso. Dzina limodzi limalembedwa mosiyana pa zipatala ziwiri, ndipo imfa zambiri zimachitikira kumudzi popanda wolemba chomwe chapha munthuyo. Apa ndi pomwe ndalama zoyamba ziyenera kupita: nambala imodzi yosasintha kwa wodwala aliyense, ndi kulemba imfa pamodzi ndi chifukwa chake.

Za magetsi sitichulukitsa mawu. Firiji yosungira magazi imafuna jenereta yodzilira yokha, alamu yoimbira foni wa pa ntchito usiku, ndi firiji ina yopanda kanthu yosamutsiramo katundu ikaonongeka inzake.

Nkhani ya magazi ndi yosaseweretsa kuno kwathu. Mphekesera za anamapopa mu 2017 zinaphetsa anthu ku Mulanje ndi maboma oyandikana nawo. Pepala la chilolezo lilembedwe m'Chichewa kapena Chitumbuka chomveka, linene kuchuluka kwa magazi otengedwa, komwe akasungidwe, zaka zingati, ngati adzatumizidwe kunja, ndi momwe munthu angatulukire akasintha maganizo. Mafumu ndi makomiti a zaumoyo a m'mudzi amve zonsezi galimoto ya ofufuza isanafike, ndipo komiti younika ndi kuloleza kafukufuku wa zaumoyo, monga ya boma ya NHSRC, ikhale itavomereza kale.

Ife anu,
Ogwira ntchito za labotale ndi kafukufuku wa zaumoyo