Za ku Zanzibar ndi mphaka wa Naphiri

Nangozo mnzanga,

Kalata yako yafika, ndipo ndaona kuti mkwiyo sunathe poti tinapita ku Zanzibar osakuuza. Nanga tikanakuuza ukanatani, ukanamera mapiko? Khala pansi umve.

Tinakwera boti ku Dar es Salaam Lachisanu, ulendo wa maola awiri, Naphiri ali gwa pampando, maso otsinzina, kupemphera chamumtima. Titafika ku Stone Town, chigawo chakale cha mzinda wa Zanzibar, mantha onse anathera pomwepo. Tinjira take n'topanikizana moti galimoto siilowa, umangomva belu la njinga kumbuyo n'kudziphatika kukhoma. Zitseko zake n'zamatabwa osema, zina zokhomedwa timitu tamkuwa, ndipo mlamu wako anajambulitsa pa chilichonse mpaka foni inazima.

Madzulo tinapita ku Forodhani, bwalo la m'mbali mwa nyanja pafupi ndi Old Fort, linga lomwe Aluya a ku Oman anamanga atathamangitsa Apwitikizi kumapeto kwa zaka za m'ma 1600. Dzuwa likamalowa anyamata amadumphira m'madzi, ophika n'kumayala matebulo ndi kuyatsa nyali. Ine ndinakonda urojo, msuzi wowawasa womwe amaponyamo mbatata, dzira ndi tokhukhuluza tina. Palinso chomwe amachitcha Zanzibar pizza: amakulunga nyama yogaya, anyezi ndi dzira mu ufa wokanda wopyapyala n'kukazinga pachiwaya. Dzina lokhalo ndiye la pizza. Tinatsitsira madzi a nzimbe ofinyira pomwepo, othira jinja ndi ndimu.

Tsono mphaka. Pamalopo amphaka ndi ambiri, onenepa, opanda manyazi. Naphiri atangotembenuka kuti alipire, mmodzi anakwapula kanyama kake kowotcha pamodzi ndi kamtengo komwe. Mayi uja anamuthamangitsa mpaka pansi pa tebulo la eni ake! Atalephera anabwerera kwa wogulitsa, ati mphakayo ndi wantchito wake, amagawana phindu. Chiswahili sadziwa, wogulitsayo Chichewa sadziwa, koma mlandu unakambidwa ndithu. Usiku wonse nkhani inali yomweyo. M'mawa akuti walota mphakayo atavala ndolo zake. Mpaka lero ukamuimbira usayambe ndi moni, umufunse za mphaka.

Loweruka kuseka kunatha. Tinalowa mu tchalitchi cha Anglican chotchedwa Christ Church, chomwe anayamba kumanga mu 1873, chaka chomwe msika wa akapolo unatsekedwa, ndipo chili pamalo pomwe panali msikawo. Panja pali dzenje, m'katimo ziboliboli za anthu zomangidwa unyolo m'khosi. Wotiperekeza anatilowetsanso m'tizipinda tapansi momwe amati ankatsekeramo anthu, denga lake lofupika, mpweya wochepa. Ambiri mwa ogulitsidwawo ankachokera cha kunyanja kwathu kuno, kudzera padoko la Kilwa. Ndinatuluka msanga, mawondo anandilefuka. M'tchalitchimo muli kamtanda kosemedwa kuchokera ku mtengo wa ku Chitambo, pomwe anakwirira mtima wa David Livingstone. Apa m'pomwe ndinakusowa kwambiri, iwe ukanadziwa choti unene. Ife tinangoyenda duu mpaka kumsewu.

House of Wonders, nyumba yomwe Sultan Barghash anamanga mu 1883, tinangoionera panja chifukwa mbali ina inagwa mu 2020. Ndipo pofika apo nsapato zinali zitanditupitsa kale matuza. Zija unanditumizira zija, Nangozo. Zokongola inde, koma kodi unaziyesa pa phazi la munthu? Chala chaching'ono sichinapolebe, kuntchito ndikupita ndi patapata, abwana akungondiyang'ana kumapazi.

Iii, ndikanaiwala, Naphiri akukwatiwa. Anatiuzira m'boti pobwerera, pakati pa nkhani ya mphaka yomweyo, moti mlamu wako anayesa nthabwala. Mwamunayo ukumudziwa, koma pepala landithera ndipo tulo tandigwira, ndiye dzina lake ndidzakuuza ukayamba wandiuza za nsapato zija, komanso ngati Disembala uno