Kwa mwana wanga amene akudikira mwana wake

Mwana wanga wokondedwa,

Dzana pa foni unkangolira, ine ndinalephera kunena zimene zinali kumtima kwanga. N'chifukwa chake ndakhala pansi kuti ndilembe. Kuno tonse tili bwino, bambo ako akupereka moni kwa iwe ndi amuna ako.

Zaka zitatu si masewera. Anthu a boma kumeneko ku Britain anakuyenderani kunyumba, kukufunsani za ndalama, za thanzi, ngakhale za m'banja mwanu, mpaka anavomera kuti mungathe kulera mwana. Lero mapepala ali kuno, ndipo nsapato zija unatumiza chaka chatha zamuthina kale mnyamata amene mukufuna kumutengayu. Ndimapita kukamuona Loweruka lililonse kumalo osungirako ana kuja. Akandiona pageti amathamanga n'kumafuula kuti “agogo!” Pobwerera mu minibasi nanenso misozi imalengeza. Usaganize kuti ululuwu uli ndi iwe wekha.

Koma za bambo uja wakulonjeza kuti mukamupatsa ndalama ayendetsa zinthu mwamsanga, ndikukuletsa. Usamutumizire ngakhale tambala imodzi. Kuno ku Malawi mlendo akafuna kutenga mwana, chilolezo chimachokera ku Khoti Lalikulu, woweruza atamva lipoti la amene anafufuza za mwanayo ndi abale ake. Kumbukira Madonna, woyimba wa ku America uja, ndi chuma chake chonse chija: mu April 2009 khotilo linamukaniza mwana wachiwiri pa nkhani yoti sakhala m'dziko muno, ndipo anachita kudikira chigamulo cha apilo mu June. Ku Ethiopia, nyumba ya malamulo inatsekeratu khomo mu 2018, alendo osatenganso ana. Zinafika pamenepo patamveka nkhani zambiri za ana ozunzika kunja ndi makolo onamizidwa. Mukalowera njira yachidule, tsiku lina mnyamatayu atakula adzakufunsa mmene anabwerera m'manja mwako. Udzamuyankha chiyani?

Chimene chakukhumudwitsa kwambiri ndi choti apeza agogo ake akuchikazi kumudzi, ndipo ayenera kufunsidwa kaye. Iwe ukuona ngati akulanda mwana. Ine ndagwada n'kuthokoza Mulungu. Mwanayu sanagwe kuchokera kumwamba. Ali ndi mtundu wake, ali ndi amalume ake, ndipo manda a mayi ake alipo penapake. Ifeyo kwathu kuno mwana satengedwa mwini mbumba asakudziwa, iwenso unakulira momwemo. Ana ambiri amene timawatcha amasiye ali ndi abale amoyo, umphawi ndi umene unawasiyanitsa. Werenganso Eksodo 2. Mwana wamkazi wa Farao anatenga Mose kukhala wake, koma amene anamuyamwitsa ndi mayi ake omubereka, ndipo Mose anakula akudziwa anthu ake.

Agogowo akavomera, uwalemekeze ngati mmene umandilemekezera ine, uziwatumizira zithunzi, ndipo mukabwera ku tchuthi muzikafika pakhomo pawo. Akakana, akati mdzukulu wawo amulera okha, zidzatipweteka tonse, sindikubisira. Koma udzawathandize fizi ndi chakudya, chifukwa mwana wa mnzako ngwako yemwe. Izi ndazilingalira usiku wambiri ndisanazilembe.

Azimayi anzanga a mvano amakutchula dzina Lachinayi lililonse. Wina anakumbutsa za Abrahamu, amene anaitanidwa ali ndi zaka 75 n'kudzaona Isake ali ndi 100. Ine maganizo anga anapita kwa Sara, kuti mmene anatopa n'kupereka Hagara, mtendere unatha m'nyumbamo.

Amuna ako usawaiwale. Ndi munthu wosayankhulayankhula, koma chipinda chija anachipenta okha ndipo amachidutsa tsiku lililonse chili chopanda munthu. Muzipemphera limodzi, muzidyera limodzi. Chichewa chakonso uzichiyankhula pakhomopo kuti nawonso azolowere, popeza mwanayu sadziwa chiyankhulo china.

Loweruka likubwerali ndimutengera nthochi ndi nsapato zokulirapo. Ndidzakuimbira ndili komweko kuti umve mawu ake.

Ndine mayi ako.