Usiku ndi umodzi, mwana wanga

Wokondedwa mwana wanga,

Ndikhulupirira uli bwino kumeneko. Ife kuno tadzuka bwino ndithu.

Uthenga wako ndauwerenga modekha. Wadandaula zinthu zinayi ngati kuti n'zosiyana: buku umaliyamba koma sulimaliza, makanema akukudyera usiku, kuthamanga unasiya chifukwa cha ululu wa m'misongolo, ndipo maloto ako asanduka osokonekera, ena oopsa. Ine ndikuona vuto limodzi. Zonsezi zikulimbirana maola omwewo, kuchokera pamene waweruka kuntchito kufika pamene alamu yalira, ndipo chimene chimagonja pa mkangano umenewu nthawi zonse ndi tulo. Choncho ndiyambira kumene iwe unathera.

Tulo timayenda mozungulira. Kuzungulira kamodzi kumatenga pafupifupi mphindi 90, ndipo usiku wathunthu munthu amazungulira kanayi, kasanu, mwina kasanu ndi kamodzi. Maola oyambirira mumachuluka tulo tofa nato, timene thupi limakonzera minofu yotopa. Maloto aja okhala ndi nkhani, anthu ndi malo, ambiri amabwera m'gawo lina lotchedwa REM, pamene maso amayendayenda mofulumira zikope zili chitsekere. Gawoli analitulukira Eugene Aserinsky ndi Nathaniel Kleitman ku yunivesite ya Chicago mu 1953. Chofunika kwa iwe n'chakuti poyamba limakhala lalifupi, mphindi 10 mwina osakwana, ndipo limanka likutalika kumka m'bandakucha. Ndiye ukagona maola 5 m'malo mwa 8, gawo la maloto ndi limene wadulapo kwambiri. Ubongo susiya ngongole imeneyi. Tsiku limene wapeza mpata wogona nthawi yaitali umabweza mwamphamvu, ndipo maloto amabwera ochuluka, owala, nthawi zina oopsa. Mowa umachitanso chimodzimodzi: umakugwetsa msanga, n'kupondereza gawo la maloto kumayambiriro kwa usiku, kenako limabuka mosokonekera kumapeto. Khofi naye amachedwa kuchoka m'magazi. Pakatha maola pafupifupi 5 theka la mphamvu yake limakhala likadalimo, kotero kapu ya 4 koloko madzulo imakhala ikugwirabe ntchito pamene ukufuna kugona.

Munthu wamkulu amafunika maola osachepera 7. Ndipo chimene chimakhazikitsa tulo si nthawi yogona ayi, ndi nthawi yodzuka. Sankha ola limodzi, uzidzuka pamenepo ngakhale Loweruka ndi Lamlungu, n'kutuluka panja uone kuwala kwa dzuwa. Tulo ta madzulo timatsatira tokha.

Unatchula za usiku uja unadzuka osatha kugwedeza mkono kapena kukuwa, ukumva ngati chinthu chakukhala pachifuwa. Usachite nazo mantha opitirira. Pa nthawi ya maloto ubongo umamanga minofu dala, kuti munthu asamachite zimene akulota. Nthawi zina maganizo amadzuka kumangako kusanamasuke, ndipo zidutswa za loto zimaonekera m'chipinda momwemo. Zimatha pa masekondi ochepa, zikatalika mphindi imodzi kapena ziwiri. Zikakugwira, usalimbane ndi thupi lonse. Puma pang'onopang'ono, yesa kugwedeza chala chimodzi chokha. Zimakonda munthu amene wakhala akusowa tulo komanso wogona chagada, choncho yesa kugona cham'mbali.

Ngati ukufuna kukumbukira maloto, ika kope ndi cholembera pafupi ndi bedi, osati foni. Loto limafufutika m'mphindi zochepa, ndipo kungotembenuka kapena kuwerenga uthenga umodzi kumalibalalitsa. Ukadzuka khala chigonere, maso otseka, uyambire pa chithunzi chomaliza n'kubwerera nacho m'mbuyo. Kenako lemba deti ndi mawu ochepa: ndani, kuti, ndipo mumtima unamva chiyani. Loto limodzi usalipatse ulemu wambiri, ndipo usathamangire omasulira amene amati chakuti chimatanthauza chakuti kwa munthu aliyense. Phindu lili powerenga kopelo pakatha mwezi. Pamenepo umaona chimene chikubwerezeka, monga kuchedwa, kuthamangitsidwa kapena kusochera, ndipo nthawi zambiri umadziwa wekha kuti chikuchokera pa nkhawa iti ya masana.

Loto loopsa lobwerezabwereza lili ndi njira yake imene madokotala a tulo amagwiritsa ntchito. Masana, mtima uli m'malo, lilembe, kenako usinthe nkhaniyo mmene ukufunira, makamaka mathero ake. Nkhani yatsopanoyo uziiona m'maganizo kwa mphindi 10 mpaka 20 tsiku lililonse kwa masabata angapo. Koma ngati malotowo anayamba utakumana ndi zoopsa zenizeni, kapena wina wakuuza kuti umamenya ndi kuponda uli m'tulo, kapena umaliza mkonono n'kumadukiza mpweya, zimenezo n'zakuchipatala.

Tsopano makanema. Sindikuletsa, kanema wabwino amatsegula mutu. Koma dziwa kuti masewero a zigawozigawo amalembedwa dala kuti gawo lililonse lithere pa funso, ndipo makina amayambitsa lotsatira usanaganize. Lowa mu zosintha za pulogalamuyo uzimitse kudziyambitsa kumeneko. Ndiye pali kachenjerero aka: usaime kumapeto kwa gawo. Onera mphindi 10 za gawo lotsatira, funso lija liyankhidwe, uzimitse pamene nkhani yazizira. Sankha chimene uonere usanakhale pansi, chifukwa theka la ola limathera kungosakasaka. Ndipo werengera chobwerera: ngati ugona 10 koloko, filimu ya maola awiri iyambe 7 koloko, ola lomaliza likhale lopanda sikirini. Si kuwala kokha kumene kumachedwetsa tulo, ndi mtima umene wathamangitsidwa ndi mfuti ndi kukuwa.

Ngati chithunzi pa TV yako chikuoneka choterera modabwitsa, ngati sewero lojambulidwa motchipa, vuto si filimuyo. Mafilimu ambiri amajambulidwa zithunzi 24 pa sekondi, koma ma TV atsopano amapeka zithunzi zina n'kuzilowetsa pakati. Fufuza pa zosintha za chithunzi mawu akuti motion, uzimitse, kapena usankhe Filmmaker Mode ngati ilipo. Mahedifoni asapitirire 60 peresenti ya mphamvu yake. Makutu akayamba kulira ukawavula, wapyola kale malire, ndipo timaselo ta m'khutu tikafa sitimeranso.

Kuti usangokhala womeza zilizonse, phunzira kuona mmene kanema walumikizidwira. Zaka zoposa 100 zapitazo Lev Kuleshov, wopanga makanema wa ku Russia, anaonetsa kuti nkhope imodzimodzi yosaonetsa kanthu, ikatsatana ndi mbale ya chakudya anthu amaonapo njala, ikatsatana ndi bokosi la maliro amaonapo chisoni. Tanthauzo limabadwira pamene zithunzi ziwiri zakumana. Tenga kachigawo kamodzi kamene kanakugwira mtima, ukaonerenso mawu utazimitsa. Werenga kuti chithunzi chasintha kangati, kamera ili pafupi ndi ndani, ndipo ndani amene sakuonetsedwa pamene mnzake akulankhula. Ukatero uzindikira kuti misozi ina inabwera ndi nyimbo chabe.

Za mabuku, vuto lako si ulesi, ndi muyezo. Ukuyembekeza tsiku lopanda zochita kuti uwerenge masamba 100, ndipo tsikulo silibwera. Masamba 20 amatenga pafupifupi theka la ola. Pa chaka ndi masamba 7,300, ndiye kuti mabuku 24 a masamba 300. Mangirira theka la olalo ku chinthu chimene umachita kale tsiku ndi tsiku, ndipo foni ikhale m'chipinda china, chifukwa ikangokhala pambali maganizo amatsalira kwa iyo. Buku lovuta uliwerenge uli khale patebulo, mutu ukadali wopepuka. Lopepuka, la pepala, ndilo la ola lija lopanda sikirini. Ukafika tsamba 50 buku lisanakupatse kanthu, lisiye popanda kudziimba mlandu. Anthu ena amene amati anasiya kuwerenga anangokakamira pa buku limodzi losawayenera.

Ukuti umaiwala zimene wawerenga. Aliyense amaiwala. Katswiri wa za maganizo Hermann Ebbinghaus anaonetsa kale mu 1885 kuti kuiwala kumathamanga kwambiri m'maola oyambirira, kenako kumachepa liwiro. Kudula mizere pansi pa mawu ndi kuwerenga mobwereza kumanyenga, chifukwa tsamba limaoneka lodziwika ndipo umayesa kuti zalowa. Chimene chimagwira n'kukoka kuchokera m'mutu. Ukamaliza mutu umodzi tseka buku, lemba ziganizo zitatu m'mawu ako osayang'ana, kenako utsegule uone chimene waphonya. Yesanso mawa lake, pakatha sabata, ndi pakatha mwezi. Kufotokozera mnzako kumagwira chimodzimodzi. Maso nawo uwapumitse: mphindi 20 zilizonse yang'ana chinthu cha patali mamita 6 kwa masekondi 20. Pa sikirini munthu amaphethira mochepa, n'chifukwa chake maso amauma ndi kuthethetsa.

Ndafika pa misongolo yako. Mtima ndi mapapo zimazolowera masewera m'masabata ochepa, koma mafupa ndi mitsempha yolumikiza minofu ku mafupa zimatenga miyezi. Ndiye munthu amamva kuti mpweya ulipo, n'kuwonjezera mtunda miyendo isanakonzeke. Ululu wa m'mbali mwa msongolo umachokera pamenepo. Puma kaye mpaka uziyenda mwachangu popanda kumva kupweteka. Ukayambiranso, yenda mphindi 5 kuti thupi litenthe, kenako thamanga mphindi imodzi, yenda ziwiri, ubwereze maulendo 8. Uzichita masiku atatu pa sabata, ndi tsiku lopuma pakati. Sabata iliyonse wonjezera chinthu chimodzi chokha, nthawi kapena liwiro, osati zonse ziwiri. Fupikitsa mapazi, phazi lizitera pansi pa thupi osati kutsogolo kwenikweni. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO, m'malangizo ake a 2020, limati munthu wamkulu azichita masewera apakatikati kwa mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, kapena amphamvu kwa mphindi 75 mpaka 150, kuwonjezapo olimbitsa minofu masiku awiri. Muyezo wake sufuna wotchi yodula. Ngati ukutha kulankhula koma osatha kuimba, uli pakatikati. Ngati ukungotulutsa mawu awiri atatu n'kupuma, uli pamphamvu.

Olimbitsa minofu safuna jimu. Yamba ndi atatu. Kunyonyomala ndi kudzuka: mapazi atalikirane ngati mapewa, chiuno chibwerere m'mbuyo ngati ukukhala pampando, zidendene zisanyamuke, ndipo maondo aziloza kumene zala zakumapazi zaloza. Akamagwera mkati ndiye kuti minofu ya m'chiuno yatopa, ima. Mapushapu: thupi likhale mzere umodzi, chiuno chisagwe, zigongono zisatambasuke ngati mapiko chifukwa zimapweteketsa phewa. Akakukanika pansi, ika manja pa tebulo lolimba. Lachitatu ndi kukoka, chifukwa msana umaiwalika: dzaza chikwama ndi mabuku, werama msana uli wowongoka, dzanja lina litatsamira mpando, uzikokera chikwamacho kunthiti. Chilichonse ubwereze ka 8 mpaka 12, upume mphindi imodzi kapena ziwiri, uchite choncho kawiri kapena katatu. Ukafika ka 12 mosavuta, wonjezera kulemera. Minofu yomweyo uipatse maola 48 usanaibwerezenso, ndipo kumbukira kuti imakula uli m'tulo tija tofa nato, osati uli pa masewera.

Uphunzire kusiyanitsa ululu. Kuphwanya kwa minofu kumene kumayamba tsiku lotsatira, n'kukula pakati pa maola 24 ndi 72, kwinaku kukuchepa ukamayenda, n'kwachibadwa. Ululu wobaya, wa malo amodzi pa fupa, wotupa, kapena wokutsimphinitsa, umenewo sudutsidwa ndi khama, fupa likhoza kukhala kuti layamba mng'alu. Ukamva kupanikizika pachifuwa, chizungulire kapena kubanika kosadziwika bwino, siya pomwepo upite kuchipatala. Chimodzimodzi ngati pambuyo pa masewera amphamvu kwambiri mkodzo wada ngati tiyi wopanda mkaka minofu itatupa, chifukwa zotsalira za minofu yowonongeka zimapweteka impso. Masewera amphamvu amalize patatsala ola limodzi kapena kuposerapo kuti ugone, thupi lizizire.

Usayambe zonsezi Lolemba limodzi. Masabata awiri oyamba gwira ziwiri zokha: ola lodzukira, ndi kuzimitsa kudziyambitsa kwa makanema. Sabata yachitatu lowetsa masamba 20, yachinayi nsapato zothamangira. Ululu wa msongolo ukakhala kuti sunathe pofika pamenepo, kaonetse kwa dokotala usanathamangenso, ndipo undilembere zimene akakuuze.

Onse kuno akupereka moni.

Ndatha ine,
Mayi ako